Duku la NyaMhango

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti mayi woyembekezera akalowa pakhomo pano, ndisanamufunse n'komwe za ulendo, ndimayamba ndamufunsa za mutu. Iwe Tiyamike unafika ponena kuti bambo anapuma ntchito koma ntchito sinawapume. Sekani, sindikukanizani. Koma poti maso anga akuonabe mizere ya kope ili, lekani ndilembe kumene khalidweli linachokera, kuti mukamaseka muziseka mukudziwa.

Chaka choyamba, ku Henga

Za ubwana wanga ku Ntchisi agogo anu anakusimbirani kale, mpaka kuthira mchere. Ine ndiyambira tsiku limene ndinatsika basi pa Rumphi Boma, sutikesi kumanja, kalata ya ntchito m'thumba la malaya. Ndinali nditangomaliza maphunziro a wothandizira dokotala, ngakhale kumudzi aliyense wovala choyera ndi adokotala basi. Ku ofesi anandiuza kuti ndikupita ku chipatala chaching'ono m'chigwa cha Henga, ndipo ndikakhala mkulu wa pamalopo. Mawu akuti mkulu anandikoma m'khutu moti ulendo wonse pamwamba pa lole ya fodya fumbi sindinalimve.

Nditafika ndinapeza kuti ufumu wangawo unali wa zipinda zinayi, mabedi asanu ndi limodzi ndi thanki yodontha. Ndinapezanso kuti mkulu analipo kale, kungoti dzina lake silinali m'kalata. Anali amama NyaGondwe, mzamba wamfupi wa imvi m'mbali, mwana wa m'busa, amene anaphunzira uzamba ku mishoni ine ndisanabadwe. Anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka kolala, nati m'Chichewa chawo chokwera ndi kutsika: "Mwafika, adada. Yewo chomene. Tiyi ali apo. Mukamwa mubwere, kuli mayi wapakati mutu ukumupweteka."

Tiyiyo ndinamwa mosafulumira. Kwa ine mutu anali matenda a panado. Ndinalowa, ndinafunsa mayiyo funso limodzi, ndinalemba panado ndi mankhwala a malungo, n'kutseka buku. Amama analitenga bukulo, nalitsegulanso pang'onopang'ono pamaso panga, nakoka mpando. Ndiye anayamba kufunsa, ine nditaima ngati mwana wa sukulu wobwera mochedwa. Mutuwo unayamba liti? Unabwera pang'onopang'ono kapena unagwa ngati wina wakumenya ndi mtengo? Ukuona bwino, kapena m'maso mukudutsa nyenyezi ndi chifunga? Apa pansi pa nthiti pakupweteka? Mphete ikutuluka pachala? Thupi likutentha? Gunditsa chibwano pachifuwa tione khosi. Wadya chiyani lero, wasenza chiyani? Atatero anamugogoda pansi pa bondo ndi m'mbali mwa dzanja, namuyeza kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti bipi. Zonse zinali bwino. Mayiyo anali atakhala m'chigafa cha fodya kuyambira mbandakucha osaika kanthu m'kamwa. Amama anam'patsa madzi ndi nthochi ziwiri, nasiya panado wanga, nafufuta mankhwala a malungo amene ndinalemba osayeza.

Mayiyo atapita anandiuza mawu amene ndayenda nawo zaka zonsezi. "Panadoyo mwalasa, adada, koma mwalasa mutatsinzina. Amayi apakati ambiri mutu ndi njala, dzuwa, utsi wa kukhitchini, kuchepa magazi, kapena malungo. Koma pali mmodzi amene mutuwo ndi imfa ikugogoda, ndipo salemba pachipumi. Ife tili pano chifukwa cha mmodziyo." Anawonjezera kuti asipirini ndi bulufeni ndisamawapatse amayi apakati mwachisawawa, ndiponso kuti ndiziyang'ana duku. Duku la kutchalitchi, anatero, limamangidwa momasuka, mfundo kumbuyo. La mutu limatsika mpaka pa nsidze, ndipo limakokedwa mpaka kusiya mzere pakhungu. Amayi akuno sadandaula, koma duku limawanenera. Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuti izi n'za azimayi okalamba. Safunsa anadya phula, ndipo ine chaka chimenecho ndinadya lambiri.

Zaka za kusowa

Zaka zisanu zotsatira ndinaphunzira Chitumbuka cha pamsika, ndinakwatira amayi anu amene ankaphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi Phwezi, ndipo ndinazolowera kugwira ntchito ndi zimene zilipo. Makina athu a bipi anali amodzi, ndipo paipi yake tinaimata ndi mpira wa njinga kawiri. Timapepala toyezera mkodzo tinkabwera mwezi uno, miyezi itatu osaoneka. Tsiku loyamba timapepalato titatha ine ndinagwira m'chiuno, koma amama anangotsegula kabati, natulutsa kanyali ka sipiriti, kabotolo kagalasi kakatali ndi viniga wa kunyumba kwawo. Anathira mkodzo m'kabotolo, nawotcha kumtunda kwake pa lawi mpaka kuwira, nadonthezamo viniga. Anati ukakhala woyera mbee ngati madzi, impso zili bwino. Ukachita mitambo yosachoka, ndiye kuti impso zikutaya zimene siziyenera kutaya, ndipo mwa mayi wapakati wa bipi yokwera, chimenecho ndi chizindikiro cha matenda aja ogwetsa amayi ngati akhunyu. Ndinayang'ana kabotoloko ngati ndikuona matsenga, ndipo kunena zoona mpaka lero ndimazizwa kuti lawi laling'ono chotero lingaone za m'kati mwa munthu.

Mankhwala oletsa kugwako anadzafika chaka chachinayi. Dzina lake ndi maginiziyamu, timabotolo tating'ono m'bokosi loyera. Lamulo linkatilola kubaya jekeseni woyamba tisanatumize mayi ku Boma. Koma ine ndinkawaopa, ndipo manthawo sanali opanda pake. Ndili pa maphunziro ndinaona mayi wina atapatsidwa mankhwalawa mothamanga, mpweya wake n'kuyamba kuzilala tikuona, mpaka dokotala anathamangira jekeseni wina wobweza mphamvu yake. Jekeseni wobwezayo kwathu kunalibe. Tsono bokosi lija linangokhala pashelefu yapamwamba, ndipo mayi wa bipi ndinkangomukweza ambulansi, pemphero pambuyo. Bwana wina wa magalasi wodzatiyendera anawerenga timabotolo tija, napeza tonse tilipo, nandifunsa kuti, "Kodi mukusunga mbewu?" Ndinaseka nawo, koma bokosilo sindinalitsitse.

Chaka chachisanu ndi chimodzi, mwezi wa Febuluwale

Linali Lachiwiri m'mawa, mvula itangokata, dzuwa likutentha matope. Cha m'ma teni koloko panafika njinga pakhonde. Pachishalo panakhala a Chirambo, mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito, mkulu wa mpingo, munthu amene ankavala jekete ngakhale kumunda. Anali atadzitema phazi ndi khasu, ndipo nsanza yomangapo inali itafiira yonse. Wokankha njingayo anali mkamwana wawo, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo wamwamuna, mayi wa ana awiri wotchedwa NyaMhango. Mwamuna wake anali ku Joni chaka chachiwiri, ankangobwera pa Khirisimasi ndi pamaliro. Akazi a a Chirambo anali atamwalira chaka chapitacho, choncho pakhomo panatsala mkuluyo, mkamwana ndi tiana tiwiri.

Muyenera kudziwa mmene anthu awiriwa ankakhalira. M'mabanja ambiri a kumeneko, makamaka a akuluakulu ngati a Chirambo, mkamwana sayang'ana apongozi ake aamuna kumaso, sakhala nawo pafupi, ndipo za m'thupi mwake sangazitchule pamaso pawo. Ali ndi vuto amauza apongozi aakazi, iwo ndiwo amapititsa mawu. Tsono mlatho wa mawuwo unali m'manda. Zotsala zinali kutuma ana, kapena kulankhula moyang'ana kukhoma. Musaganize kuti kunali kudana. Kwathu ku Ntchisi nakonso mkamwini amathawira m'tchire akaona apongozi panjira, ndipo timati ndi ulemu.

Mlonda ndi ine tinawanyamula a Chirambo mpaka pabedi. NyaMhango anagwada pakhomo, nayenda ndi mawondo, nkhope pansi, natambasula manja onse awiri kupereka buku la kuchipatala la apongozi ake. Koma sanalipereke kwa ine. Analipereka kumbali, cha kukabati, pamene panalibe munthu. Ndinaseka chamumtima kuti ulemu wa kuno wafika popereka buku kwa kabati, ndinatambasula dzanja n'kulitenga. Iye anabwerera chambuyo, napapasa felemu ya chitseko, nakakhala pansi pakhonde. Zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, ndipo sindinaone kanthu.

Ndinatsuka bala, ndinabaya woziziritsa, n'kuyamba kusoka, a Chirambo akundifotokozera mmene achinyamata amasiku ano amanolera makasu molakwika. Ndinali nditasoka katatu, kutatsala katatu, pamene amama NyaGondwe analowa osagogoda.

"Adada, siyani phazilo."

"Nditsirize kaye, amama."

"Phazi silithawa. Bwerani muone duku."

Galu wamkota sakandira pachabe, andikhululukire amama kumene aliko pa fanizoli. Ndinaphimba bala, ulusi uli lende, n'kuwatsatira. Anali atamulowetsa kale NyaMhango m'chipinda cha azamba. Duku lake loyera linali litatsika mpaka pa nsidze, ndipo atalimasula linasiya ngalande pachipumi yoti ungaikemo chala. Nkhope inali yotupa, zikope zolemera. Mphete yaukwati anaimangirira pa ulusi m'khosi chifukwa pachala inali itakana. Pansi pa zitenje ziwiri panali mimba ya miyezi isanu ndi itatu, imene ine mkulu wa pamalopo sindinaione n'komwe. Amama anamufunsa mafunso aja onse, ndipo pa lililonse ankayankha motsitsa mawu kuti, "Nili makora, amama," kutanthauza kuti ali bwino. Atamukakamiza anavomera kuti mutu wakhala ukumupweteka masiku atatu, panado wakanika. Thupi silinali lotentha, khosi linali lofewa, choncho malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi tinawaika pambali. Koma nditamugogoda pansi pa bondo mwendo unadumpha mpaka kundimenya. Bipi ndinayeza kawiri poganiza kuti chigamba cha mpira chanama. Inali 190 pa 120. Amama anayatsa kanyali, ndipo mkodzo utangowira unasanduka woyera gwa, ngati dzira lophika.

Ndinathamangira pachulu cha kuseri, pamene foni inkagwira. Ambulansi inali itapita kunyanja kukatenga wodwala wina, ndipo anati itifika pakatha maola awiri. Maola awiri kwa mayi wotere ndi ulendo wautali. Akagwa, akhoza kudziluma lilime, kutsamwa, mtsempha wa m'mutu kuphulika, mwana kufera m'mimba. Pobwerera ndinapeza amama atatsitsa kale bokosi loyera lija, akulipukuta fumbi ndi epuloni. Ndinamufotokozera NyaMhango zimene tapeza ndi jekeseni amene tikufuna kumubaya. Iye anangoti, "Afunseni adada," kutanthauza apongozi akewo.

Sitinachite kuwaitana. A Chirambo anali ataima kale pakhomo ndi mwendo umodzi, atagwira chitseko, ulusi wanga ukukwekwereka pansi.

"Adokotala, wodwala ndine. Uyu wangondiperekeza. Mwandisiya ngati thumba losoka theka chifukwa chiyani?"

Ndinawauza zonse, ndipo poti anali munthu wophunzira sindinawabisire kuti mankhwalawo ali ndi ngozi yake, ndi kuti wobweza tilibe.

"Ndiye mukufuna kuyesera pa mkazi wa mwana wanga? Munthu wandikankha kuchokera kunyumba mpaka pano, mapiri onsewa, wodwala angachite zimenezo? Mutu tonse umatipweteka. Mwini wake ali ku Joni, ndikamuuza chiyani chikachitika? Yayi. Dikirani galimoto. Mukamubaya, ine kalata ndimaitha kulemba."

Ana anga, ndikuuzeni zoona. Mawu amenewo anandikomera. Anali khomo lothawira, ndipo linali lotsegula. Ndikanalemba m'buku kuti abale akana, n'kudikira ambulansi, palibe akanandiimba mlandu. M'maso mwanga munali mayi uja wa ku maphunziro, mpweya wake ukuzilala. Ndinayang'ana amama kuti mwina anena kanthu. Anangoti chapansipansi, "Ine manja anga ndi okonzeka, adada. Koma mkulu pano ndinu." Zaka zisanu ndi chimodzi sanandiitanepo mkulu, ndipo anasankha tsiku limenelo. Mutu waukulu sulewa nkhonya.

Ndili chiimire choncho, ndinamuyang'ana NyaMhango, ndipo mwadzidzidzi ndinakumbukira buku lija loperekedwa kwa kabati, ndi dzanja lopapasa felemu. Ndinayandikira mwakachetechete, ndinagwedeza dzanja pamaso pake penipeni. Sanaphethire. Amama anagwira pakamwa, chifukwa anali atamufunsa za maso, iye n'kuti ali makora.

"A Chirambo," ndinatero, "ndikupempha chinthu chimodzi, mukatero mulembe kalata yanu. Bwerani apa, mukweze zala, mumufunse nokha kuti ndi zingati."

"Ine sindilankhula naye choncho. Mukudziwa mwambo."

"Ndikuudziwa. Lero lokha."

A Chirambo anasiya chitseko. Kenako anadumphira ndi mwendo umodzi mpaka pafupi ndi bedi, pafupi kuposa mmene anayamba afikapo kwa mayiyo chimukwatireni mwana wawo. Anakweza zala zitatu.

"Mama, zala izi ndi zingati?"

NyaMhango anatembenukira kumene kunachokera mawu.

"Pepani, adada. Nkhuwona yayi."

Sakuona. A Chirambo anatsitsa dzanja, nafunsanso.

"Kuyambira liti?"

"Dzulo kunali chifunga. Lero titafika pa mlatho, kunada."

Mlatho umenewo tonse tinkaudziwa. Kuchokera pamenepo kufika pachipatala ndi ulendo wa theka la ola, ndipo njira yake imadutsa m'mphepete mwa chigwembe chakuya kuposa denga la nyumba ino, matope okhaokha nyengo ya mvula.

"Nanga njinga unaiyendetsa bwanji?"

"Ndimaponda mumzere wa matayala a ngolo, adada. Phazi likatuluka mumzere ndimabwerera. Ndiponso inu mumaimba nyimbo ya kutchalitchi, ndiye ndimadziwa kuti simunakomoke."

"Bwanji sunanene?"

"Magazi anu amatuluka chomene."

Ndaona zambiri m'zaka zanga za ntchito, koma sindinaonepo chinthu chondichititsa mantha a ulemu ngati mayi ameneyo, atakhala pabedi lathu lakutha, manja pamiyendo, akupepesa chifukwa chosaona. Mutu ukung'ambika, mdima uli bii, mwana m'mimba, anakankha munthu wamkulu m'mphepete mwa chigwembe akuwerenga njira ndi zidendene. A Chirambo anatsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi pasimenti, jekete ndi ulemu wawo wonse. Sanalire. Anangoti, "Bayani, adokotala." Ndinamufunsanso mwini wake, ndipo ulendo uno anayankha yekha kuti tibaye.

Tinamugoneka chakumanzere. Pamene ndinkafuna mtsempha, zala zake zinali zitayamba kale kugwedezeka zokha, ndipo pakona pa mlomo pankakoka. Kugwa kunali pakhomo. Singano inalowa ulendo woyamba, ndipo mpaka lero ndimati si ine ndinailowetsa. Amama anamasula wotchi ya pachifuwa naiika pamaso panga, ine n'kumakankha mankhwala pang'onopang'ono, mochedwa moti chala chachikulu chinachita dzanzi. NyaMhango anati thupi lonse likutentha ngati wayandikira ng'anjo, amama namuuza kuti ndi mmene amachitira. Titatha wa mumtsempha tinabaya ena awiri m'matako, tinam'patsa wotsitsa bipi, tinaika paipi ya mkodzo. Kenako panatsala ntchito imene ndinkaiopa, yowerenga mpweya.

Ndinayamba kuwerenga, koma mantha ankandisokoneza. Ndipamene ndinamva mawu kuchokera pansi. A Chirambo anali atavula wotchi yawo, maso pa chifuwa cha mkamwana wawo, akuwerenga mokweza ngati ali kutsogolo kwa kalasi. Mphindi ikatha ankanena chiwerengero, ine n'kulemba. Khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mpweya sunatsike. Zala zija zinaleka kugwedezeka, mlomo unakhazikika, mwendo unasiya kudumpha. Amama anaika kalipenga kawo komvetserera mwana pamimba, namvetsera nthawi yaitali atatsinzina, kenako anandipatsa kuti ndimve ndekha. Kamtima kankagunda mofulumira, kosatekeseka, ngati sikakudziwa chilichonse cha zimene zinali kunja kuno. Mkuluyo anawerenga maola awiri athunthu osaphonya mphindi, mpaka ambulansi inalira panja.

Amama anakwera ndi NyaMhango. Ine ndinatsala ndi phazi langa losoka theka. Mankhwala oziziritsa anali atatha mphamvu kalekale, ndipo nditatenga ena a Chirambo anagwira dzanja langa.

"Sokani choncho."

"Zipweteka, aphunzitsi."

"Ndikudziwa."

Ndinawauza kuti chipatala si malo olapira machimo, ndinawabaya woziziritsa akufuna asakufuna, n'kusoka katatu kotsalako. Nthawi yonseyo ankayang'ana kudenga, ndipo za makasu sanazitchulenso.

Masabata atatu otsatira

Ku Boma NyaMhango anam'chita opaleshoni madzulo omwewo. Anabadwa mwana wamkazi wochepa ngati botolo, koma wolira mokwiya. Amama atabwerako anandiuza kuti dokotala anafunsa amene anabaya jekeseni woyamba, ndipo atamva anangogwedeza mutu, nati mayiyu popanda ameneyo sakanafika wamoyo. Za maso anati tidikire, nthawi zambiri amabwerera bipi ikatsika, koma salonjeza. A Chirambo ankabwera tsiku lililonse, ati kudzatsukitsa bala, ngakhale ndinawauza kuti kawiri pa sabata n'kokwanira. Ankakhala pabenchi mpaka ndikwere pachulu kukaimba foni. Tsiku loyamba, mdima. Lachiwiri, akuona kuwala kwa zenera. Lachitatu namwino wa ku wodi anandiuza akuseka kuti mayi uja waona nkhope ya mwana wake, walira, kenako wafunsa ngati phazi la adada linasokedwa. Nditawauza zimenezi a Chirambo anavula chipewa, nayang'ana m'kati mwake ngati mwalembedwa kanthu, nanyamuka osatsanzika.

NyaMhango anatuluka m'chipatala patatha masabata atatu, tsiku la msika. Minibasi inamutsitsa pa siteji yoyang'anana ndi chipatala chathu, mwana ali pachifuwa m'kati mwa nsalu, mng'ono wake atanyamula katundu. Ine ndi amama tinaima pakhonde. Pansi pa mtengo panali a Chirambo, jekete lakutchalitchi, phazi limodzi mu nsapato, lina mu patapata, atagwira njinga ija. Pa kaliyala anali atamangirira pilo ndi chingwe. NyaMhango atawaona anayamba kugwada pafumbi pomwepo, koma mkuluyo analankhula naye mwachindunji, pamaso pa ogulitsa tomato, a kabaza ndi akulu anzake awiri a mpingo.

"Usagwade, mama. Kwera."

"Yayi, adada. Anthu aona."

"Aone. Iwe uziyang'ana mwana, njira ndiyang'ana ine."

Anakwera, nkhope ili pansi, mng'ono wake akumuthandiza. Mkuluyo anagwira mahandulo, nayamba kukankha, akutsimphina, pang'onopang'ono kuti mabampu asafike pa bala la opaleshoni. Msika wonse unaleka kutsatsa. Palibe anaseka. Tinawayang'ana mpaka anakhota kulowera ku mlatho, ndipo chomaliza kuchiona chinali duku loyera, lomangidwa momasuka, mfundo kumbuyo. Amama anapukuta m'maso ndi epuloni, nati, "Tiyeni, adada, mzere watalika." Tsiku lomwelo bokosi la maginiziyamu ndinalitsitsa pashelefu yapamwamba n'kuliika patebulo, ndipo silinakwerenso.

Chaka chino

Amama NyaGondwe tinawaika zaka zingapo zapitazo, ndipo pamaliro awo panali amayi ambiri kuposa amene tchalitchi chikanatha kulandira. Ine ndinadzagwira ntchito ku Boma, m'chipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi, mpaka kupuma. Kumeneko kunali makina abwino ndi timapepala tokwanira, koma achinyamata onse amene anadutsa m'manja mwanga ndinawaphunzitsa mafunso a amama, ndi linanso limene ndinawonjezera ndekha, loti asamayang'ane wogona pabedi yekha, aziyang'ananso amene wamubweretsa.

Tsono iwe Madalitso, wanena kuti Loweruka lino mukubwera ndi mkazi wako, ndipo amayi ako andinong'oneza kuti miyezi yakwana isanu ndi iwiri. Mkazi wakoyo ndi mwana waulemu, amagwada patali ndipo sandiyang'ana kumaso. Umuuziretu asadzadabwe. Sindidzatuma amayi ako, sindidzayang'ana kukhoma. Ndidzakoka mpando, ndidzamufunsa ndekha za mutu. Ndipo akadzati ali bwino, ndidzakweza zala.